Lipoti la nkhani: mayi wa pa bedi 4 ndi rota ya maina atatu

Lipoti ili ndikulemba ine mzamba woyang'anira wodi ya amayi pa chipatala china cha boma kuno kuchigawo cha kum'mawa kwa Zambia, chimodzi mwa zija zimene matenda akakula zimatumiza odwala ku Chipata Central Hospital. Sinditchula dzina la chipatalacho, la wodwala kapena a anzanga a ntchito. Mayi mwini nkhaniyi ali moyo pamodzi ndi mwana wake, ndipo anavomera kuti zimene zinamuchitikira zilembedwe. Tinaiunika pa msonkhano wa MPDSR, umene ntchito yake ndi kufufuza imfa za amayi ndi makanda, popeza mayi wopulumukira m'kamwa mwa mbuzi amaulula zofooka zomwezo zimene maliro akanaulula, kungoti iyeyu amatha kudziyankhulira.

Mmene anafikira

Anali ndi zaka 34, pa mimba yachisanu, ndipo ana anayi oyambawo anabadwa bwino. Sikelo ankayendera pa chipatala chaching'ono cha kwawo, kumene m'mwezi wachisanu ndi chitatu anapezeka ndi Hb (muyezo wa kuchuluka kwa magazi m'thupi) ya 9.4 napatsidwa mapiritsi owonjezera magazi. Poona kuchepa magaziko ndi kuchuluka kwa mimba zam'mbuyo, a gulu la SMAG la m'mudzi mwawo, lolimbikitsa uchembere wabwino, anamulangiza kuti akadikirire pafupi ndi chipatala chachikulu, ndipo anamvera: anakhala milungu iwiri m'nyumba yodikirira, apongozi ake akumuphikira. Izi ndaziika patsogolo dala. Pa misonkhano yathu timatsata kuchedwa kwa mitundu itatu kumene Thaddeus ndi Maine analongosola mu 1994, ndiko kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kuthandizidwa wodwala atafika kale. Tili ndi chizolowezi chothera nthawi pa ziwiri zoyambazo, chifukwa eni kulakwako sakhala nawo m'chipinda cha msonkhano. Mayi uyu sanachedwe kumudzi ngakhale panjira. Kuchedwa konse kunali kwathu.

Unali mwezi wa Ogasiti m'chaka cha chilala cha 2024, madzi a ku Kariba atatsika, magetsi akuzima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Masukulu anali atatseka, ndipo kwa ife holide imatanthauza kuchepa kwa magazi m'nkhokwe, pakuti ambiri opereka magazi m'dziko muno ndi ana a sukulu.

Matenda anamuyamba m'mawa, ndipo anachira nthawi ya 18:35, mwana wamwamuna wa makilogalamu 3.9. Mzamba wa masana anabaya oxytocin 10 IU, mankhwala olimbitsa chiberekero, anatulutsa nsengwa, nalemba kuti yatuluka yonse ndi kuti magazi otayika ndi 300 ml, chiwerengero chongoyerekeza ndi maso. Shifiti ya usiku kwathu imayamba 19:00, choncho kuchira kwa mayiyu kunagwera pa mphindi zija pamene wina akuvula magolovesi maganizo ali kunyumba, wina akungotula chikwama. Lipoti anapatsirana pa tebulo la anamwino osati pa bedi, ndipo zonse zokhudza iye zinathera m'mawu awa: "Bedi 4 wachira, ali bwino."

A pa pepala ndi a m'wodi

Rota ya mwezi umenewo, ndiye kuti mndandanda wa ogwira ntchito pa shifiti iliyonse, ndinalemba ndine, ndipo pa usikuwo panali maina a azamba atatu. Woyamba, wamkulu pa onse, anali ku Chipata ku workshop ya masiku asanu. Kalata yomuitana inafika Lachisanu madzulo. Iye anapempha mzamba wina wodzipereka, amene sanalembedwe ntchito, kuti amugwirire, anamvana pa WhatsApp, ine anandiuza tikupitana m'khonde ndipo ndinavomera pakamwa osakonza pepala. Wachiwiri ananyamuka 20:10 ndi ambulansi kuperekeza mayi wina amene ankakomoka ndi eclampsia, matenda a BP yokwera mwa amayi oyembekezera, monga mwa lamulo lathu lakuti wodwala wotere sayenda popanda mzamba, ndipo m'thumba la yunifolomu yake munapita kiyi wa kabati ya mankhwala a mwadzidzidzi. Wachitatu anali mtsikana amene analowa ntchito mu 2022, ndipo umenewu unali usiku wake wachisanu motsatizana.

Otsala m'wodi anali mtsikanayo ndi wodziperekayo, amayi atatu ali pa matenda, mmodzi wa iwo wa mapasa, ndi ochira kale khumi ndi anayi. Wodziperekayo ali ndi chiphaso cha Nursing and Midwifery Council of Zambia ndipo ntchito amaidziwa, koma analibe kiyi wa chitseko chilichonse, sakanaloledwa kusainira mankhwala, ndipo munthu wowerenga rota sakanadziwa kuti usikuwo anali pa chipatala.

Mayi akachira amayenera kuonedwa mphindi 15 zilizonse kwa maola awiri oyamba: kugwira chiberekero ngati chalimba, kuona magazi, kuyeza BP ndi kugunda kwa mtima. Mayi wathu anaonedwa kamodzi kokha, cha m'ma 19:20, kenaka mapasa aja anayamba kubwera ndipo azamba onse awiri anatsekeredwa m'chipinda chochirira.

Zimene zinkachitika pa bedi 4 nthawi imeneyo tinazimva mawa lake kwa apongozi. Anabwera ndi zitenje zisanu ndi chimodzi. Ataona kuti chimene mpongozi wawo wagonera chanyowa, anachisolola, nayala china, nakachapa chonyowacho ku mpopi wa kuseri kwa wodi, mu mdima. Anatero kanayi. Nditawafunsa chifukwa chimene sanaitanire munthu, anati: "Amayi, ndinaona asisita akuthamanga uku ndi uku okhaokha, ndiye ndinati ndisawavutitse. Kwathunso timati munthu akachira magazi oipa atuluke. Komanso ndimaopa kuti atikalipira kuti tadetsa bedi." Pa zifukwa zitatuzo, a pa msonkhano anathamangira chachiwiri nayamba kunena za miyambo. Ine chinandikhala pamtima ndi chachitatu, chifukwa mantha amenewo gogoyo sanabwere nawo kuchokera kumudzi. Anawatola m'milungu iwiri imene anakhala akutimvera mmene timayankhulira ndi odikirira odwala.

Kuyambira 21:15

Nthawi ya 21:15 apongoziwo anagogoda pa chitseko cha chipinda chochirira nati mwana wawo akumva chizungulire, ludzu ndi kuzizidwa. Mtsikana uja anamupeza ali thukuta kamukamu, m'zikhato mwayera, mtima ukugunda ka 128 pa mphindi, BP ili 84/50. Kugunda kwa mtima tikakugawa ndi nambala ya pamwamba ya BP timapeza shock index, imene ikapitirira 0.9 mwa mayi wochira kumene ndiye kuti zinthu zaipa. Yake inali 1.5. Chiberekero chinali chofewa, chitakwera kupitirira mchombo, ndipo atachisisita panatuluka zibuma za magazi zodzaza kawiri kambale ka kuchipatala kooneka ngati impso.

Kuchokera pamenepa awiriwo anachita zonse m'ndondomeko yake, ndipo ndikufuna zimenezi zidziwike. Anaika madiripi awiri a singano zazikulu, mu imodzi anathiramo oxytocin, anaika paipi ya mkodzo, anapereka misoprostol 800 mcg, mapiritsi olimbitsanso chiberekero, pansi pa lilime, wina akupitiriza kusisita, wina akuimba mafoni. Chinatsala ndi tranexamic acid, mankhwala othandiza kuti magazi asiye kutuluka. Kuchokera pa kafukufuku wa WOMAN wa 2017, bungwe la WHO limalangiza kuti mayi wotaya magazi apatsidwe 1 g ya mankhwalawa mu mtsempha pasanathe maola atatu chichirireni, pakuti kupitirira apo sathandizanso. Kwa mayi wathu maola atatuwo ankatha 21:35. Mankhwala analipo, kuseri kwa loko, kiyi ali pa msewu wa ku Chipata. Wodziperekayo anaitana mlonda, mlondayo anabwera ndi nkhwangwa yowazira nkhuni za kukhitchini, loko anathyoka, ndipo jakisoni anayamba kulowa 21:28.

Ine ndinafika 21:45. A medical licentiate, amene amachita maopaleshoni ngati dokotala ndipo usikuwo anali pa kolo (oyenera kuitanidwa pakagwa vuto), foni yawo sinkapezeka: anali atachita maopaleshoni atatu masanawo, anafika kunyumba kulibe magetsi chiyambire m'mawa, batire inatha iwo ali m'tulo. Dalaivala anali atapita ndi ambulansi, choncho mlonda yemwe uja anathamanga wapansi kukawadzutsa, ndipo analowa m'wodi 22:05, patapita mphindi 50 chidziwikireni vutolo. Jenereta italira tinalowa m'chipinda cha opaleshoni 22:40. M'chiberekero anachotsamo chidutswa cha nsengwa chachikulu ngati theka la chikhato, ndipo popeza magazi ankadonthabe, anaikamo baluni ya kondomu yomangirira ku paipi, naidzaza madzi a diripi kufikira kutaya kunaleka. Khomo la chiberekero silinang'ambike. Hb inabwera 5.1. Mufiriji ya ku labu munali paketi imodzi yokha yogwirizana ndi magazi ake. Tinaimbira mzamba wathu amene anali atangotula wodwala wake ku Chipata, ndipo anabwerako ndi mapaketi awiri nthawi ya 01:20, pamodzi ndi kiyi uja, amene anamuzindikira m'thumba ali kale pakati pa njira.

Baluni tinaichotsa mawa lake madzulo. Mkodzo unkatuluka bwino, thupi silinatenthe, chiberekero chinapulumuka, ndipo anatuluka tsiku lachisanu Hb ili 7.8, atatenga mapiritsi a magazi a miyezi itatu.

Loko ndi tchati

M'mawa kutacha, nkhani yoyamba kufika ku ofesi sinali ya mayi amene anatsala pang'ono kufa. Inali ya loko. Pofika 10:00 panali patalembedwa kale kalata yolamula wodziperekayo kuti alembe exculpatory letter, kufotokoza chifukwa chimene sayenera kulangidwa powononga katundu wa boma ndi kutenga mankhwala popanda chilolezo. Olembawo sanali anthu oipa mtima. Mankhwala amabedwadi m'zipatala, ndipo kabati yothyoledwa usiku ndi chinthu chimene woyang'anira aliyense ayenera kufunsa. Koma zinandionetsa kuti chipatala chathu chili ndi njira yachangu yodziwira kuti loko wathyoka, pamene chilibe njira iliyonse yodziwira kuti wodi ya amayi yatsala ndi mzamba mmodzi wolembedwa.

Chinthu chachiwiri chinali tchati. Nditaitenga ndinapeza mizere yonse ya maola awiri aja ili yodzaza, BP ili 110/70 kuyambira pamwamba mpaka pansi, kugunda kwa mtima kukusewera pakati pa 80 ndi 84, zonse ndi cholembera chimodzi, dzanja losatekeseka, pepala lopanda banga. Tchati yolembedwa pa bedi siioneka chotero. Ndinamuitanira pambali mtsikanayo, ndipo sanakane: anailemba cha m'ma 03:00, zonse zitatha. Nditamufunsa chifukwa chake, anandiyang'ana nati, "Sisita, munatiuza nokha kuti mpata wosalemba ndi mlandu." Ananena zoona. Oyendera ntchito akabwera amawerenga matchati odzaza natipatsa mamakisi, ndipo ine pofuna mamakisiwo ndinakhala zaka ndikukalipira mipata, osafunsa ngati manambala odzazawo anachokera pa mkono wa wodwala. Kulemba zabodza pa tchati ndi kulakwa kwakukulu, ndipo ndinamuuza mosabisa; koma pa msonkhano ndinanenanso kuti amene anamuphunzitsa kuopa mpata kuposa bodza ndine.

Panali ena amene ankafuna kuti nkhani ithere pomwepo, mtsikanayo alandire kalata ya chenjezo, mzamba wa masana akumbutsidwe kuyang'anitsitsa nsengwa, basi. Zikanatero tikanatuluka tonse oyera, ndipo rota ya mwezi wotsatira ikanalembedwa chimodzimodzi.

Kuchuluka kwa antchito ndi kupezeka kwawo

Kuchepa kwa antchito a zaumoyo si nkhani yachilendo. Mu 2016 WHO inaika muyezo wa madokotala, anamwino ndi azamba 4.45 pa anthu 1,000 alionse, ndipo dziko lathu likadali pansi pa muyezowo. Kafukufuku wa ZDHS wa 2018, woona za umoyo wa anthu m'dziko lonse la Zambia, anapeza kuti amayi 252 ankamwalira pa ana 100,000 obadwa amoyo, ndipo mu 2019 Pulezidenti Edgar Lungu analengeza kuti imfa za amayi ndi makanda ndi vuto la mwadzidzidzi la dziko lonse. Mu 2022 boma linalemba antchito a zaumoyo oposa 11,000 nthawi imodzi, ndipo phindu lake tinaliona ndi maso: popanda kulemba kumeneko, usiku umene ndikunenawu m'wodi simukanakhala wolembedwa ntchito ngakhale mmodzi.

Komabe chimene nkhaniyi inandiphunzitsa n'chakuti nambala ya pa pepala ndi manja a m'wodi ndi zinthu ziwiri. Pa mndandanda wa malipiro a wodi yathu pali mzamba amene ali ku sukulu ku Lusaka kuwonjezera maphunziro, ndi wina amene anatsata banja lake ku tauni koma dzina lake likuwerengedwabe kwathu. Woyang'ana pa kompyuta amaona kuti malo athu ndi odzaza, choncho sangatitumizire wina. Pa otsalawo chotsanipo wa tchuthi cha uchembere, wa maliro, woperekeza wodwala ndi wa ku workshop. Za workshop ndiyankhule mosamala, chifukwa ndapitako kambirimbiri. Mzamba amafunika mapointi a maphunziro kuti chiphaso chake chikonzedwenso chaka ndi chaka, monganso a licentiate ku Health Professions Council of Zambia, ndipo alawansi ya masiku asanu imalipira fizi ya mwana. Amene wapatsidwa mwayiwo sindingamuweruze. Chovuta n'chakuti makalata amabwera ndi dzina la munthu, kawirikawiri wodziwa ntchito kuposa onse, ndipo safunsa amene atsale. Mwa chipongwe cha zinthu, workshop ya sabata imeneyo inali yokhudza chithandizo cha mwadzidzidzi cha amayi ndi makanda.

Mipata yotereyi timaitseka ndi odzipereka. M'zipatala zambiri muli anamwino, azamba ngakhale madokotala otsiriza maphunziro amene akugwira ntchito popanda malipiro, poopa kuiwala luso ndiponso poyembekeza kuti boma likamalemba adzakumbukiridwa. Timawadalira ngati antchito, koma sitiwapatsa kiyi, sitiwalemba pa rota, ndipo chinthu chikalakwika palibe amene amadziwa bwino kuti iwo ayankhe kwa yani ndi kuti awateteze ndani.

Zimene tinasintha

Tinayambira pa magazi. Kafukufuku wa E-MOTIVE, wofalitsidwa mu 2023, amene anachitika m'zipatala za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania pa amayi oposa 200,000, anaonetsa kuti kuyeza magazi ndi pulasitiki yokhala ndi manambala m'malo mwa maso, ndi kupereka chithandizo chonse nthawi imodzi m'malo moyesa chimodzichimodzi, kunachepetsa ndi 60 peresenti kutaya magazi koopsa ndi zotsatira zake. Mapulasitiki amenewo sitikhala nawo nthawi zonse, choncho tinagwiritsa zimene zilipo. Pansi pa bedi la mayi aliyense wochira kumene pali ndowa, ndipo wodikirira timamuuza pamaso pa wodwalayo kuti chitenje chonyowa chisachapidwe, chiponyedwe mmenemo, ndipo chachiwiri chikanyowa aitane mzamba ngakhale amuone ali wotanganidwa. Zitenjezo timaziyeza pa sikelo ya makanda n'kuchotsera kulemera kwa chouma, galamu imodzi kuwerengedwa ngati 1 ml. Zikafika 500 ml sitidikiranso BP kuti itsike. Agogo ena poyamba ankakana, pakuti nsalu ya magazi a uchembere siionetsedwa kwa anthu, ndipo tinagula ndowa za zivundikiro.

Mankhwala a mayi wotaya magazi tinawatulutsa m'kabati n'kuwaika m'bokosi lopanda loko, lomatidwa ndi pepala losainidwa, limene limawerengedwa shifiti iliyonse. Oxytocin yekha ndiye amakhala mufiriji chifukwa safuna kutentha. A ku famase anadandaula za kuba, ndipo tinagwirizana kuti pepala likang'ambika popanda dzina la wodwala, afunsidwe ndine. Lipoti tsopano timapatsirana pa bedi, wolandirayo dzanja lili pa mimba ya mayi, ndipo wochira mkati mwa ola lomaliza la shifiti nsengwa yake amaiona anthu awiri. Pa tchati ndinalengeza kuti amene walephera kuyeza asiye mpata n'kulemba chifukwa chake m'mbali. Mamakisi athu anatsika ulendo wotsatira wa oyendera, ndipo ndinawayalira matchatiwo kuti awerenge okha mawu akuti "ndinali ndekha, ndikuchiritsa" pamene akubwerezedwa.

Pakhomo pa wodi tinapachika bolodi lolembapo ndi choko maina a amene alipodi pa ola limenelo, odzipereka omwe, ndipo wochoka ndi ambulansi amadzifufuta yekha n'kusiya makiyi asanakwere. Akatsala wolembedwa mmodzi, woyang'anira chipatala usiku amabwereka namwino ku wodi ina kapena amandidzutsa. Wa pa kolo tinamukonzera kachipinda kamene kanali kosungiramo mabedi othyoka. Amagonamo mong'ung'udza, koma amagonamo.

Zina zinakanika. Tinapangana kuti kalata ya workshop yofika mochedwa izikanidwa ngati palibe wolowa m'malo wolembedwa, koma pangano limeneli linagwira miyezi iwiri yokha, chifukwa kalata yochokera kumwamba siikanidwa ndi sisita wa wodi. Mausiku asanu otsatizana akadalipo. Za awiri aja a pa mndandanda wa malipiro tinalemba kalata yopempha kuti malo awo aonedwenso, ndipo tikudikira.

Mayi uja anabwera patatha milungu isanu ndi umodzi, Hb ili 10.6, mwana akuyamwa bwino, ndipo anasankha njira yolera ya pa mkono. Apongozi ake anabwera ndi kathumba ka nshawa, nafunsa za "asisita aja anathyola chitseko". Sanawapeze, pakuti anali atapita kukagulitsa mankhwala m'sitolo ina ku Chipata, kumene amalandirako kangachepe pa mwezi. Exculpatory letter ija anailemba asanachoke, masamba awiri, ine n'kuikapo umboni wanga. Kalaliki ataitenga kuti akaisunge anabwerera nayo, nati munthuyo alibe faelo pa chipatala pano. Ili m'dirowa yanga pamodzi ndi loko wothyokayo.